Sikelo ya Mlendo kapena Diso la Mnansi: Ndani Ayese Kukhalitsa kwa Ulimi ku Kanakantapa?

Ulimi wokhalitsa ndi ulimi umene umadyetsa ndi kupindulitsa anthu a lero popanda kugugitsa nthaka, kuumitsa mitsinje, kumaliza nkhalango kapena kufinya antchito, kotero kuti ana a mlimi adzalandire munda ukadali wobereka. Palibe amene amatsutsa poyera cholinga chimenechi, ndipo masiku ano pafupifupi kampani iliyonse yogula mbewu, yogaya ufa, yoweta nkhuku kapena yogulitsa feteleza imanena kuti ntchito zake n'zosamala chilengedwe ndi anthu. Mkangano umabuka nkhani ikafika pa umboni, pakuti kunena n'kosavuta koma kutsimikiza kumafuna muyeso, ndipo muyeso uliwonse uli ndi mwini wake, mtengo wake ndi malire ake. Gulu lina la akatswiri likuti kuyesaku kuzichitidwa ndi oyendera ochokera kunja kwa dera, otsata malamulo olembedwa ndi opereka satifiketi, pamene gulu lina likuti alimi eni ake, omwe amaonerana minda chaka chonse, ndiwo angaweruze moona. Mbali ziwirizi zimamveka bwino zikaikidwa pa malo enieni, ndipo Kanakantapa, m'boma la Chongwe ku Zambia, ndi malo oyenera kuziyeserapo.

Malo ndi mbiri yake

Kanakantapa ili kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, m'dera limene eni ake akale ndi Asoli, omwe mfumu yawo yaikulu ndi Nkomeshya Mukamambo II. Mu 1988 boma la Kenneth Kaunda linatsegula malo opitirira mahekitala 10,000 kuti likhazikepo achinyamata osowa ntchito m'tauni, potsatira mfundo ya nthawi imeneyo yolimbikitsa anthu kubwerera kumunda, ndipo dziko la Japan linathandiza pa chitukuko cha malowo. Mbiri imeneyi ili ndi phindu pa mtsutsowu, chifukwa minda yambiri kumeneko inatsegulidwa anthu amene akali moyo akuona, motero kusintha kwa chonde, kwa mitengo ndi kwa madzi kukukumbukika mu m'badwo umodzi wokha.

Derali limalandira mvula yapakati pa mamilimita 800 ndi 1,000 pa chaka chabwino, ndipo anthu ake amalima chimanga, mtedza, soya, mpendadzuwa ndi ndiwo zamasamba, zomwe zambiri zimathera pamsika wa Soweto ku Lusaka. Mtsinje wa Kanakantapa umathira mu mtsinje wa Chongwe, momwemonso Ngwerere, amene amanyamula madzi oipa a mumzinda, ndi Chalimbana, amene gwero lake lili m'nkhalango ya boma ya nambala 27 yomwe mbali zake zinagawidwa kuti anthu amangepo. Mtsinje umodzi womwewu wa Chongwe umamwetsa mafamu akuluakulu othirira ndi makina, madimba a alimi ang'onoang'ono, ziweto, ndiponso tauni ya Chongwe, imene damu lake lakhala likuphwa m'nyengo yotentha kangapo konse mpaka madzi kumachita kubwera pa magalimoto. Chapafupi pali sukulu ya zaulimi ya Kasisi, yomwe Ajezuiti anaiyambitsa mu 1974 ndipo kuyambira cha m'ma 1990 yakhala ikuphunzitsa ulimi wa manyowa wosadalira feteleza ndi mankhwala ogula. Choncho njira zonse zimene akatswiri amakangana nazo zimapezeka m'boma limodzi, ndipo nthawi zina m'munda umodzi.

Mbali yoyamba: muyeso uchokere kunja

Ochirikiza oyendera akunja amayamba ndi mfundo yoti zoopsa zazikulu za chakudya sizioneka ndi maso. Chitsanzo chawo champhamvu ndi aflatoxin, poizoni wopangidwa ndi chuku chomera pa chimanga ndi mtedza zimene zinavutika ndi chilala kapena zinasungidwa zisanaume bwino, amene amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale ufa utaphikidwa. Mu Ogasiti 2024 unduna wa zaumoyo ku Zambia unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga choipa, ndipo pa zitsanzo 25 zimene zinatengedwa m'makampani ogaya, pafupifupi theka zinapezeka ndi poizoniyu wopyola mlingo wovomerezeka. Palibe mnansi, ngakhale wokhulupirika chotani, amene akanazindikira vutolo pongoyang'ana thumba la ufa, popeza mlingo wake umawerengedwa m'magawo a biliyoni, monga momwe mayiko a ku Ulaya amakanira mtedza wodya wopitirira magawo 4 pa biliyoni. Zoterezi zimafuna labotale, lamulo ndi mabungwe onga Zambia Bureau of Standards ndi Zambia Compulsory Standards Agency.

Mfundo yomweyi imakhudza madimba. M'mwezi wa Okutobala, mtsinje ukasanduka mchenga, mlimi wa tomato amakumba dzenje pakati pa khwawa, n'kuikapo pampu ya petulo, ndipo madzi akachepa mbewu zimafooka pomwe tizilombo tikuchuluka, motero iye amabereka sipuleya kumsana kawirikawiri kuposa kale. Pabotolo la mankhwala pamalembedwa masiku oyenera kudikira asanathyole, koma mtengo ukakwera ku Soweto, mabokosi amakwezedwa pagalimoto usiku womwewo kuti akafike kusanache. Wogula mumzinda sadziwa chimene chatsalira pakhungu la tomatoyo, ndipo alimi anzake, omwe ngongole yawo ndi yofanana, alibe chifukwa chomuletsera. A mbali iyi amati pamene onse ali m'vuto limodzi, onse amasungirana chinsinsi chimodzi.

Mfundo yachiwiri ndi ya madzi ogawana. Mlimi wa dimba angathe kudzudzula mnzake wa tsidya lina, koma alibe mphamvu yolowa pachipata cha famu yaikulu yakumtunda kukaona kuchuluka kwa madzi amene ikupopa kapena kutsekereza m'damu lake. Ichi n'chifukwa chake lamulo la madzi la 2011 linakhazikitsa bungwe la WARMA, lopereka zilolezo zotungira madzi a malonda, ndipo kuyambira 2018 zitsime zobowola ndi makina nazonso ziyenera kulembetsedwa. Chaka chomwecho cha 2011 lamulo lina linakhazikitsa ZEMA, yoona za chilengedwe ndi mankhwala oopsa. Popanda mita yowerengera madzi, chilolezo ndi chilango, mawu a wofooka samveka, ndiye muyeso wakunja, ukagwira bwino ntchito, ndi chishango cha mlimi wamng'ono osati mdani wake.

Mfundo yachitatu ndi yoti munthu akamadziyesa yekha amadzikometsera. Kuyambira 1996 bungwe la Conservation Farming Unit lakhala likuphunzitsa ulimi wosagaula, womwe ndi kukumba maenje okhazikika ndi khasu lotchedwa chaka kapena kung'amba mizere ndi ripa, kusiya mapesi pamwamba pa nthaka ndi kusinthasintha mbewu. Alimi ophunzitsidwa anali ochuluka ndithu, koma akafukufuku, kuphatikizapo a bungwe la IAPRI ku Lusaka, atasanthula kalembera wa dziko lonse anapeza kuti otsatiradi njirayi anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi ophunzitsidwawo, ndiponso kuti ambiri ankaisiya thandizo la pulojekiti likatha. Kumene kuyankha kuti inde kumabweretsa mbewu kapena feteleza waulere, aliyense amayankha kuti inde, ndipo kamunda kakang'ono ka m'mbali mwa msewu kamakhala ka alendo pamene munda weniweni ukugaulidwa monga kale.

Pomaliza, a mbali iyi amakumbutsa kuti misika yolipira bwino imafuna umboni wolembedwa. Muyeso wa GlobalG.A.P., umene unayamba mu 1997 ndi dzina loti EurepGAP, ndiwo khomo lolowera m'masitolo ambiri a ku Ulaya, ndipo lamulo la European Union la 2023 likufuna kuti soya, khofi, nyama ya ng'ombe ndi zina zitsimikizidwe kuti sizinachokere pa malo amene nkhalango inagwetsedwa chitatha chaka cha 2020. Dera lokana kuyesedwa likudzitsekera lokha kunja. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kwa a mbali iyi kalumoko ndi diso losazolowera, loona chimene eni mudzi anasiya kale kuchiona.

Mbali yachiwiri: muyeso ukhale m'manja mwa alimi

Otsutsa amayankha ndi mwambi wina woti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Woyendera amafika tsiku limodzi pa chaka, nthawi zambiri atadziwitsiratu, ndipo chimene amaona kwambiri ndi mabuku: tsiku lopopera mankhwala, malisiti, chikwangwani cha pachipinda chosungira poizoni. Famu yokhala ndi kalaliki wodziwa kulemba imapambana mosavuta ngakhale nthaka yake ikutha, pamene mayi wosunga chonde bwino koma wosadziwa Chingerezi amalephera. Mwa njira imeneyi muyeso umayamba kuyesa luso lolemba m'malo mwa luso lolima. Zimene zinachitikira fodya wa ku Malawi zimapereka chenjezo, pakuti makampani ogula anali ndi ndondomeko zawo zoyendera alimi kwa zaka zambiri, komabe mu Novembala 2019 boma la United States linalamula kuti fodya yense wa m'dzikomo aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha umboni wa ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana. Mapepala analipo ochuluka, koma moyo wa matenanti sunali m'mapepalamo.

Mfundo yachiwiri ndi ya mtengo. Satifiketi imalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo pamwamba pake pamafunika zimbudzi, mashedi, zovala zodzitetezera ndi kuyezetsa madzi, zomwe famu ya mahekitala mazana imazigawa pa zokolola zambiri koma mlimi wa lima imodzi, yomwe ndi kota ya hekitala, sangazikwanitse. Ku Kenya, masitolo a ku Ulaya ataumiriza muyeso wa EurepGAP cha m'ma 2005, alimi ang'onoang'ono ambiri a zitheba anagwa m'malonda otumiza kunja. Ku Zambia komweko, alimi ozungulira Lusaka amene ankalimira kampani ya Agriflora chimanga chanthete anatsala opanda msika pamene kampaniyo inagwa mu 2004. Phunziro lake ndi loti muyeso unkafufuza mlimi pa chilichonse, koma palibe amene ankafufuza ngati wogulayo anali wolimba, chonsecho kugwa kwake ndiko kunasokoneza mabanja.

Mfundo yachitatu, yomwe ndi yozama kuposa zonse, ndi yoti mafunso olembedwa kutali sadziwa zimene mlimi amataya posankha njira imodzi. Fomu imafunsa ngati mapesi atsala m'munda, koma siidziwa kuti mapesi omwewo ndiwo chakudya cha ng'ombe m'chilimwe, ndiponso kuti ziweto za mudzi wonse zimamasulidwa kukolola kukatha, kapena kuti moto wa osaka mbewa sulemekeza malire. Fomu imayamikira kusagaula, koma siiwerengera thukuta la kukumba maenje oposa 15,000 pa hekitala m'nthaka youma gwa mvula isanagwe, kapena udzu wochuluka umene umatsatira, womwe kupalira kwake kumagwera amayi ndi ana. Mlimi akathawira ku mankhwala opha udzu, muyeso wina umamuyamika chifukwa wateteza nthaka, wina umamudzudzula chifukwa wathira poizoni, ndipo palibe mwa iwiriyi umene umalemba kuti bonongwe, chisoso, denje ndi maungu zomera pakati pa chimanga, zomwe ndi ndiwo za banja m'miyezi yanjala, zafera limodzi ndi udzuwo. Bungwe la FAO linayesa kuphatikiza zonse mu ndondomeko yake ya SAFA ya 2013, yoona utsogoleri, chilengedwe, chuma ndi umoyo wa anthu, koma zizindikiro zake zoposa 100 n'zolemera kwa kopaletivu imene mlembi wake amasunga mabuku m'thumba la pulasitiki.

Otsutsawa amaonjezera kuti boma lenilenilo limalankhula pawiri, popeza kuyambira 2002 pulogalamu yake ya zipangizo zotsika mtengo, imene lero imadziwika kuti FISP, yakhala ikukokera alimi ku chimanga ndi feteleza chaka ndi chaka, ngakhale kuti feteleza wa urea wothiridwa kosalekeza popanda laimu kapena manyowa amaonjezera asidi m'nthaka, ndipo nthaka ya asidi siibweza bwino feteleza wothiridwamo. Sichilungamo kuweruza mlimi chifukwa chotsata njira imene dziko lamulipirira kuti atsate.

M'malo mwa zonsezi iwo amaloza ku njira yotsimikizirana, imene bungwe la IFOAM linaifotokoza mwalamulo mu 2008 ndipo mayiko onga Brazil ndi India amaivomereza. M'njirayi alimi, ogula ndi alangizi amagwirizana okha malamulo, amayenderana minda pagulu, ndipo amene waphwanya pangano amachenjezedwa kapena kuchotsedwa. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo ulendo uliwonse umakhalanso phunziro, chifukwa oyendera amafukula dothi ndi dzanja, kuona ngati muli nyongolotsi ndi mizu yowola, kufunsa chifukwa chake nsangu zodzalidwa chaka chatha zinauma, ndi kulangizana pomwepo. Mnansi amadziwa amene anatentha makala usiku, amene analima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndi amene sanalipire aganyu ake, zinthu zimene mlendo wa tsiku limodzi sangazimve.

Kuyeza mbali ziwirizi

Mbali zonse zili ndi choona, koma kungonena kuti zisakanizidwe sikokwanira, pakuti mapanga awiri avumbwitsa ngati munthu sadziwa phanga loyenera mvula iliyonse. Chofunika ndi kusiyanitsa mafunso. Pali zinthu zimene zotsatira zake zimagwera mwini munda ndi anansi ake ndipo zimaoneka ndi maso pakapita nthawi, monga chonde, kukokoloka kwa nthaka, mitengo, kasinthasintha wa mbewu ndi malipiro a aganyu, ndipo pa zimenezi diso la mnansi limaposa fomu iliyonse. Pali zinthu zina zimene zimadumpha malire n'kukagwera anthu osadziwika, kapena zosaoneka popanda chipangizo, monga poizoni wa chuku, zotsalira za mankhwala, majeremusi a m'madzi othirira ndi kuchuluka kwa madzi otungidwa kumtunda, ndipo pa zimenezi palibe cholowa m'malo mwa labotale, mita ndi lamulo. Nkhani ya fodya, imene a mbali yachiwiri amaitchula, imatsimikiza kusiyanitsaku, chifukwa chimene chinalephera kumeneko ndi kudziyendera kwa ogula eni ake, ndipo chimene chinagwedeza zinthu ndi mphamvu ya boma lomwe silinali pa malipiro awo. Funso lenileni tsono si loti woyesa ndi mlendo kapena mnansi, koma loti akulipidwa ndi yani ndipo angataye chiyani akanena zoona.

Njira yotsimikizirana nayonso ili ndi chofooka chimene oichirikiza sayenera kuchibisa, ndicho chibale ndi mantha: n'kovuta kuchotsa m'gulu mlamu wa wapampando kapena mkulu wa mpingo. Chifukwa chake gulu lotere limalimba pokhapokha mukakhala ogula ndi mlangizi wa boma, ndiponso zitsanzo zochepa za zokolola zikamatengedwa mwadzidzidzi kukayezedwa. Chitsanzo chapafupi ndi COMACO, kampani yomwe inayamba mu 2003 m'chigwa cha Luangwa ndipo imagulitsa zakudya za dzina la It's Wild!, imene imagwiritsa alimi otsogola kuyendera anzawo, n'kumaona mmene madera a mafumu akusungira mapangano a nthaka, nkhalango ndi nyama, kenaka n'kupereka mphotho kwa ochita bwino. Chimene chimaipatsa mphamvu njirayi n'chakuti muyeso umabwera limodzi ndi msika, kotero kuti mlimi akayesedwa amaona chobwerera m'thumba mwake.

Pamenepa patuluka mfundo ya chilungamo pa kagawidwe ka katundu. Kulemera kwa muyeso kuyenera kulingana ndi kukula kwa chiwonongeko chimene bizinesi ingachite. Famu yothirira mahekitala ambiri, khola la nkhuku zikwizikwi, chigayo chachikulu ndi sitolo ya mumzinda ziyenera kuyesedwa mwamphamvu, mosadziwitsiratu, pa ndalama zawo, ndipo zotsatira zake, makamaka za madzi, ziziikidwa poyera pamene anthu akumunsi angaziwerenge. Mlimi wamng'ono ayesedwe m'gulu lake ndi mafunso ochepa a m'chilankhulo chake, ndipo ndalama zoyezera zokolola zake zichokere kwa wogula ndi boma. Wogulanso ayesedwe: ngati amalipira pa nthawi yake, ngati sikelo yake ndi yoona, ngati amasunga pangano mitengo ikagwa. Bizinesi imene imasamala nthaka koma n'kusiya olimira ake m'ngongole si yokhalitsa, popeza mlimi wosowa ndalama ya sukulu amatenga nkhwangwa n'kulowera kuthengo, ndipo thumba lililonse la makala lopalasidwa panjinga kupita ku Lusaka ndi umboni wa muyeso umene unalephera kwina.

Chomaliza ndi nthawi yoyesera. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, pamene mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a chimanga anali atawonongeka, ndipo zokolola za chaka chimenecho zinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni kuchoka pa oposa 3 miliyoni chaka chapitacho. Chaka chotere chimafunsa mafunso amene fomu ya chaka cha mvula siifunsa: munda uti unasunga chinyezi masabata angapo opanda dontho, banja liti linali ndi mbewu ina yogonera chimanga chitapsa, famu iti inachepetsa kupopa kuti akumunsi amwe, kampani iti inasunga antchito ake. Kukhalitsa ndi nkhani ya zaka zoipa, ndipo muyeso wochitika m'mwezi wa Epulo, minda ili yobiriwira ndi mitsinje ili yodzaza, umaona aliyense ali wolungama.

Achinyamata amene anapatsidwa malo ku Kanakantapa mu 1988 lero ndi agogo, ndipo cholinga chimene anatumidwira, choti munthu apeze moyo wokwanira kuchokera kumunda, chikudikira kuweruzidwa ndi adzukulu awo, omwe adzasankha kukhala kapena kubwerera kumzinda kumene makolo awo anachokera. Kuti chiweruzocho chidzakhale chabwino, mlendo abwere ndi sikelo yake pa madzi ndi pa poizoni, ayambire pa zipata zazikulu, mnansi asunge diso lake pa nthaka ndi pa mitengo, ndipo onse awiri akumane kawiri pa chaka pa malo amene bodza silingabisale: pakhwawa la mtsinje mu Okutobala, ndi pakhomo la nkhokwe mu Febuluwale.